Mimba Imene Inalibe Mwana

Abusa athu ndi amayi busa, akuluakulu a mpingo, amayi anzanga, azibambo, ndi inu achinyamata mwadzaza kumbuyoko, landirani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Iyayi, ameni ameneyo ngwa anthu osadya phala. Aleluya! Eya, tsopano ndamva.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikufuna kuchitira umboni nditaima chilili, maso anga akuyang'ana maso anu, chifukwa inalipo nthawi imene ndikalowa pakhomo apo, anthu ankatsinana.

Kwa inu alendo amene simundidziwa, ine ndine amake Mphatso. Kwathu ndi konkuno ku Ndunde, kutsidya kwa dambo. Ndimalima dimba la matimati ndi mpiru, ndipo ndinkaimba mu kwaya ya amayi muno. Nthawi imene nkhaniyi inkayamba, amuna anga, abambo ake a Mphatso, anali ku Joni kuntchito. Chaka chinali chitatha asanabwere kumudzi. Mfundo imeneyo muisunge bwino: chaka chinali chitatha.

Amene munandidziwa kale mukukumbukira kuti ndinali kamunthu kowonda, koma kamphamvu. Dengu la matimati ndinkadzitwika ndekha. Dimba lonse ndinkathirira ndi makheni awiri, ina dzanja ili, ina dzanja ili, dzuwa lisanatenthe ndamaliza. Chipatala ndinkachidziwira kusikelo ya mwana basi.

Ndiye chinayamba ndi nkhope. Masaya anayamba kudzaza, nkhope nkuzungulira. Amayi pa mjigo ankati, "Eee, amake Mphatso, za ku Joni zayamba kuoneka!" Ine nkumaseka, nkumanyada. Ndani safuna kuuzidwa kuti wasalala? Ndinkati Mulungu wandikumbukira.

Kenaka mimba inayamba kukula. Osati thupi lonse ayi, mimba yokha, ndi nkhope, ndi khosi. Manja ndi miyendo zinkapita kwina, zinkaonda. Azibambo mundikhululukire, ndinena za amayi pang'ono, chifukwa popanda zimenezi nkhani siimveka. Ndinasiya kupita kumwezi. Pamimba panatuluka mizere ikuluikulu yofiirira, yoposa imene inatuluka ndili ndi pakati pa Mphatso. Tsopano taganizani inu eni. Mayi wasiya kumwezi, mimba ikukula, mwamuna ali ku Joni. Mukanati chiyani? Musachite manyazi, ndikudziwa chimene munanena.

Kuseka kwa pa mjigo kunasintha. Ndikafika, nkhani inkaduka. Ndikasenza ndowa nkutembenuka, ndinkamva kumbuyo anthu akuwerenga miyezi. Ena anafika mpaka pomupeza mwini wake wa mimbayo. Akuti anali wakabaza amene ankanditengera matimati ku Njuli. Mwana wa eni wosalakwa, anasiya nkundipatsa moni komwe chifukwa cha mantha.

Tsiku lina titamaliza kuphunzira nyimbo, amayi otsogolera kwaya anandiitanira kuseri kwa tchalitchi, pamodzi ndi amayi ena awiri achikulire. Anandilankhula mwaulemu ndithu, sindingawanamizire. Anati, "Amake Mphatso, ife ndife amayi anzanu. Ngati mwagwa, nenani, tikuthandizeni kudzuka."

Ine ndinati, "Amayi, sindinagwe."

Anati, "Nanga ichi?" Akuloza pamimba.

Ndinati, "Ichi nanenso sindikuchidziwa. Koma chimene ndikudziwa nchakuti chichokereni abambo ake a Mphatso, palibe mwamuna amene anakhudzapo nsalu yanga."

Anayang'anana. Kenaka anati, "Pumulani kaye pa kwaya, mpaka zinthu zioneke."

Abale anga, ndinalira njira yonse yopita kunyumba. Nditafika pa mlatho paja ndinati basi, tchalitchi chimenechi sindidzapondamonso. Koma pofika pakhomo mtima unali utanena zina. Ndinati, ndikathawa, ndavomera. Wothawa ndi amene ali ndi mlandu. Ine ndalakwa chiyani? Lamulungu lotsatira ndinasamba, ndinavala chitenje changa chabwino, nkudzakhala pa benchi ya kumbuyo uko kumene kwakhala anyamatako. Kwaya ikamaimba kutsogolo, ine ndinkaimba ndili pompo, mawu anga onse. Sindinajombe. Ndikunena monyadira: sindinajombe. Mvula, dzuwa, kutsinana, ine ndinali pa benchi yanga. Aleluya!

Koma chimene chinandipweteka kuposa zonse chinabwera pa foni. Wina anandijambula ndili pamsika, chammbali, mimba ikuonekera bwino, nkutumiza chithunzicho ku Joni. Sindikumudziwa, ndipo sindikufunanso kumudziwa. Madzulo ake amuna anga anaimba. Analibe nkupereka moni komwe.

"Amake Mphatso, mimbayo nja ndani?"

Ndinati, "Abambo, ine ndikudwala."

"Matenda ake ati otupitsa mimba nkusalalitsa nkhope? Ine ndikugona m'kachisakasa kuno, kuvutikira inu, inu mukundichita zimenezi?"

Ndinati, "Bwerani mudzaone ndi maso anu."

Anati, "Ndaona kale." Nkudula foni.

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga inangoti zii. Ndikaimba, osayankha. Mphatso akafunsa kuti adadi aimba liti, ndinkangoti netiweki ikuvuta.

Ndiye kunabwera apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Amakhala ku Mauwa. Anayenda wapansi, anafika thukuta lili kamukamu, mpango atamanga m'chiuno. Amene mumawadziwa mukudziwa kuti si munthu wozungulira nkhani. Ndinawayalira mphasa, anakana. Ndinawapatsa madzi, anakana. Akakwiya amalankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo tsiku limenelo Chinyanja chinali chitawathawa. Atatopa anati, "Za anthu ndamva, za mwana wanga ndamva. Tsopano ndikufuna kumva za achipatala. Valani, tizipita. Akakanena kuti muli ndi pakati, mawa lomwe ndikuitana ankhoswe."

Ndinati, "Amayi, tiyeni. Ndikanadziwa kuti mukufuna zimenezo ndikanabwera ndine kudzakutengani."

Tinapita ku chipatala chathu chaching'onochi. Anamwino anandiyeza mkodzo, anandigoneka nkundipima pamimba, apongozi ali chilili pomwepo, akana kutuluka. Anamwino anati, "Agogo, mayiyu alibe pakati."

Apongozi anati, "Yezaninso."

Anayezanso. Anati, "Mulibe mwana umu. Koma magazi awo akuthamanga kwambiri, ndiponso shuga wakwera. Mayi wamsinkhu uwu siziyenera kutero." Anandipatsa mankhwala, nkundiuza kuti ndizibwera kudzayezetsa.

Pobwerera apongozi ankayenda patsogolo, ine pambuyo ndikupuma wefuwefu. Titafika pa mphambano pamene njira yawo ya ku Mauwa imapatukira, anaima. Ndinkayesa atsanzika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkunena kuti, "Ndiye kuti mukudwaladi, mwana wanga." Sanapatuke. Anabwera nane kunyumba, ndipo tsiku lomwelo anaphika ndi iwo. Munthu amene anabwera kudzathetsa ukwati wanga ndi amene anakhala mlezi wanga. Mulungu wathu amachita zinthu mwa njira yake, abale. Ameni?

Mukuganiza kuti anthu anasiya kulankhula? Ayi ndithu. Anati makina a kuchipatala saona mimba yobisidwa ndi mankhwala achikuda. Amuna anganso ku Joni, ngakhale amayi awo anawauza zotsatira, anamvera za anthu zomwezo. Chabwino. Miyezi isanu ndi inayi inakwana, mwana osabadwa. Inapitirira, mwana osabadwa. Pamenepo nyimbo inasintha. Anati mimbayo anaimanga, mwana waumira m'mimba, ndicho chilango chake. Ena ondikonda ankabwera mwakachetechete kudzandiuza za asing'anga odziwa kumasula. Ndinkawauza kuti, "Amasule chiyani? Mulibe kanthu komasula."

Koma thupi linkapita, abale anga. Thupi linkapita. Kumbuyo kwa khosi kuno kunamera linunda ngati la ng'ombe. Kuchibwano kunatuluka tindevu, ine mayi. Khungu linapepuka, ndikangogunda chitseko pang'ono, mawa lake pali bala lakuda ngati andimenya. Kachilonda ka munga kankatenga nthawi yaitali osapola. Ndikanjuta pamoto, kudzuka kunali mpaka ndigwire khoma. Tulo tinathawa. Mtima unkangokwiya popanda chifukwa, kenaka nkulira popanda chifukwa. Ndinkadziyang'ana pagalasi nkumafunsa kuti mayi ameneyu ndani, ndipo amake Mphatso anapita kuti?

Tsiku lina m'mawa ndinakakamira kupita kudimba, chifukwa matimati anali akufota. Ndinatunga kheni imodzi yokha, imodzi. Ndikuti ndikwere kamtunda kochokera pachitsime, miyendo inangoti lobodo. Ndinagwa chagada m'ngalande, madzi onse pathupi, msana kuwawa ngati andibaya. Ndinayesa kudzuka, miyendo inakana. Ndinayesanso, inakana. Ndinagona m'matope momwemo ndikuyang'ana kumwamba. Ndinati, "Ambuye, Inu mukudziwa kuti sindinachimwe tchimo akundinenerali. Ngati mukunditenga, nditengeni, koma dzina langa mulitsuke kaye. Mwana wanga asadzakule akumva kuti mayi ake anafa ndi mimba ya chigololo." Pemphero langa linali lomwelo basi.

Anandipeza ndi apongozi, ataona kuti ndachedwa. Anaitana anthu, anandinyamula, nkupeza galimoto mpaka ku chipatala cha boma. Kumeneko adokotala amene anandiona sanathamangire kulemba mankhwala. Anandiyang'ana nkhope nthawi yaitali. Anaona khosi, anaona mizere ya pamimba, anatsina khungu la padzanja. Anati, "Khalani pampando apa. Tsopano imirirani osagwira kanthu." Ndinalephera. Anati, "Muli ndi chithunzi chanu chakale?" Ndinawaonetsa cha mufoni, chimene tinajambulitsa a kwaya titavala yunifolomu. Anayang'ana chithunzi, nkuyang'ana ine, nkuyang'ananso chithunzi.

Kenaka anayamba mafunso. "Mumamwa mapiritsi a mphumu? A nyamakazi? Aja onenepetsa amene ena amagula pamsika? Mumadzola mafuta oyeretsa khungu?" Zonse ndinati ayi. Anati, "Mayi, ndikuganizira matenda ena ake osowa, koma kuno sitingathe kutsimikiza. Mupite ku chipatala chachikulu ku Blantyre."

Abale, mawu akuti "ndikuganizira matenda ena ake" anandikoma ngati nyimbo. Munthu woyamba kundiuza kuti chimene chikundichitikira chili ndi dzina!

Ku Blantyre kunali kuyezedwa kosatha. Tinkapita, kubwerera, kupitanso. Ulendo wina anandipatsa chigubu, nkundiuza kuti mkodzo wonse wa tsiku lathunthu, usana ndi usiku, ndiziika mmenemo, osataya ngakhale dontho. Sekani, nanenso ndinaseka. Apongozi anga anachikulunga chigubucho m'chitenje, nkuchifungatira mu minibasi ngati khanda. Kondakitala anati, "Agogo, thobwalo tilaweko." Iwo anati, "Ukalawa ili sudzaiwala." Ulendo wina anandipatsa kapiritsi koti ndimwe pogona, m'mawa mwake nkunditenga magazi. Pomaliza anandilowetsa m'chimakina chojambula m'kati mwa thupi.

Tsiku la zotsatira tinalowa tonse awiri. Adokotala ake anali mayi, wamng'ono kwa ine, wolankhula modekha. Ndikufuna mumvetsere bwino apa, chifukwa zimene anandiphunzitsa ndinazisunga, ndipo lero ndikuphunzitsani inu.

Anati, "Mayi, munthu aliyense ali ndi impso ziwiri. Pamwamba pa impso iliyonse pamakhala kachiwalo kakang'ono ngati kachipewa. Tiziwalo timeneti timapanga timadzi tina totchedwa kotizo, timene timayenda m'magazi. Kotizo si woipa ayi. Ndi amene amakupatsani mphamvu yodzukira m'mawa. Mukadwala, mukavulala, mukaona njoka panjira, thupi limatulutsa wambiri kuti mulimbe, zikatha amatsikanso. Koma inu, pa kachiwalo ka kumanzere pamera kachotupa, ndipo kakutulutsa kotizo usana ndi usiku osapuma. Thupi lanu lakhala ngati likuthawa njoka nthawi yonseyi."

Ndinati, "Ndiye mimbayi?"

Anati, "Ndi mafuta. Kotizo akachuluka amasonkhanitsa mafuta pamimba, kumaso ndi kukhosi, nkumadya minofu ya m'manja ndi m'miyendo. Ndi yemweyo wapepula khungu lanu, wakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, wafooketsa mafupa. Ndi yemweyo anaimitsa kumwezi. Ngakhale kukwiya ndi kusowa tulo, ndi yemweyo. Matendawa dzina lake ndi Kushing'i."

Apongozi anasendera kutsogolo. Anati, "Adokotala, ndifunse nawo. Kanthu kameneko anachita kumuponyera?"

"Iyayi agogo, kamamera kokha. Palibe amene anawalodza, ndiponso iwo sanalakwitse kalikonse."

"Sikamwana kouma?"

Adokotala anamwetulira. Anatembenuza kompyuta nkutionetsa chithunzi. Anati, "Chiberekero chili uku, mulibe kanthu. Kachotupa ndi aka, kumsana kuno. Kukula kwake ngati dzira la nkhunda."

Dzira la nkhunda, abale anga! Kanthu kochepa choncho kanandichotsa pa kwaya, kanatseka foni ya ku Joni, kanandigwetsa m'ngalande. Ndinayang'ana kadontho kaja pa kompyuta, misozi nkumangotsika. Sikunali kulira kwa mantha ayi. Ndinkati, ndakuona tsopano, ndiwe iwe.

Apongozi anamasula foni pa mfundo ya chitenje chawo, nkuimbira mwana wawo pomwepo, mu ofesi ya adokotala. Atayankha anati, "Iwe, usalankhule, ungomvetsera." Nkupereka foni kwa adokotala. "Muuzeni zonse mwatiuza ife, musasiyeko." Adokotala anandifunsa kaye ngati ndikulola. Ndinati, "Auzeni." Anafotokoza zonse, kuyambira pa impso mpaka pa opaleshoni imene inkafunika. Atamaliza, apongozi analanda foni. Anati, "Wamva? Mkazi wako akupita kumpeni, iwe uli uko ukumvera za pa Watsapu. Ine ndinakubereka, koma pa nkhani iyi wandichititsa manyazi. Ukwere basi."

Anakweradi. Anandipeza ndili mu wodi, akunditsitsa kaye shuga ndi magazi kuti opaleshoni itheke. Analowa ndi chikwama chawo cha paulendo, anadutsa bedi langa osandizindikira. Ndinachita kuwaitana. "Abambo ake a Mphatso, ndili kuno." Anatembenuka, anandiyang'ana, chikwama chinagwa pansi. Bambo wamkulu anagwada pa simenti, odwala onse akuona, nkuyamba kulira. Anati, "Amake Mphatso, ndinakulakwirani."

Ndinawasiya alire pang'ono. Eee, ndinawasiya, nanenso ndinali nditalira mokwana. Kenaka ndinati, "Dzukani, ndakhululuka. Koma mawu amenewa musanenere muno mokha. Kumudzi ndi kumene dzina langa linadetsedwa." Ndipo ndikuwayamikira pamaso panu, anapitadi. Anakaonana ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, anafika kwa abusa, anakafika ngakhale kwa wakabaza uja kukamupepesa. Si amuna onse angachite zimenezo. Azibambo, ameni wanu ali kuti?

Za opaleshoni sindinama, ndinkaopa. Adokotala anandiuza poyera kuti thupi langa ndi lofooka, bala likhoza kuchedwa kupola, ndipo zoopsa zilipo. Koma anatinso kachotupako kakakhala, kadzandipha pang'onopang'ono ndi shuga ndi magazi. Anandifunsa ngati ndikuvomera. Apongozi ankapemphera. Ndinati, "Thupi ndi langa, ndavomera. Kachotseni." Abusa athu anabwera dzulo lake la opaleshoni kudzandipempherera, ndipo sanabwere okha. Anabwera ndi amayi otsogolera kwaya aja. Amayi amenewo anakhala m'mphepete mwa bedi, anandigwira dzanja, nati, "Tinakuweruzani ndi maso. Mutikhululukire." Amayi, ndikukuonani mwaweramitsa mutu apo. Dzutsani mutu. Zinatha tsiku lomwelo, ndipo mpunga umene munabweretsa uja ndinadya wonse.

M'mawa mwake anandikankha pa kabedi kupita ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Chimene ndikukumbukira ndi magetsi owala ndi namwino akundifunsa dzina la mwana wanga. Ndinati Mpha, osamaliza. Podzidzimuka ndinamva Chilomwe chapansipansi pambali panga. Ndinati, ngati kumwamba salankhula Chilomwe, ndiye kuti ndili moyo, awa ndi apongozi. Aleluya!

Tsopano imvani chodabwitsa. Nditatsitsimuka, anamwino anabwera ndi mankhwala. Ndinafunsa kuti ndi a chiyani. Anati, "Ndi kotizo." Ndinati, "Chiyani? Yemwe uja wandizunzayu, mukundipatsanso?" Ndinakana kumwa mpaka anaitana adokotala. Iwo anati, "Mayi, nthawi yonse imene kachotupa kankatulutsa kotizo wambiri, kachiwalo ka mbali inayo kanaona kuti ntchito palibe, nkugona. Tsopano kachotupa kachoka, kogonako sikanadzuke, ndipo munthu sangakhale moyo wopanda kotizo. Muzimwa mapiritsiwa, tizichepetsa pang'onopang'ono mpaka kadzuke. Musadzasiye nokha ngakhale tsiku limodzi. Mukadwala malungo kapena kusanza, thamangirani kuchipatala, mukawauze kuti mumamwa mankhwala amenewa." Pamenepo ndinamvetsa. Wochuluka amapha, wosowa amaphanso. Mulungu anatipanga ndi muyeso.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Musamve ngati ndinadzuka pa bedi nkuyamba kuvina. Miyezi yoyamba thupi lonse linkaphwanya, mafupa kuwawa, kutopa ngati ndalima munda wa eni. Masiku ena ndinkafunsa ngati opaleshoni ija inathandizadi. Amuna anga sanabwererenso ku Joni nthawi imeneyo, anagwira dimba ndi iwo. Ankapsereza ndiwo, koma ankaphika. Pang'onopang'ono nkhope inayamba kubwerera. Linunda linasungunuka. Shuga anatsika mpaka anandisiyitsa mankhwala ake. Kumwezi kunabwerera. Ndipo ulendo wapitawu ku Blantyre, atandiyeza magazi, adokotala anati, "Kachiwalo kaja kadzuka. Mapiritsi basi." Mizere ya pamimba ilipobe, inangoyera. Chipsera cha mpeni chiliponso. Sindichita nazo manyazi, ndi zanga, ndinazivutikira.

Lero ndikakhala pa mzere kuchipatala, ndimaphunzitsa anthu. Ine amene sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndimatha kufotokoza za impso ndi kotizo, anthu nkumamvetsera. Ndiye nanunso ndikuuzeni. Si aliyense wonenepa amene ali ndi matendawa, musayambe kuloza anzanu potuluka. Matenda anga ndi osowa. Koma mukaona munthu nkhope ikuzungulira, mimba ikukula, pamene manja ndi miyendo zikuonda, mizere yofiirira ikutuluka, akulephera kudzuka pansi, musamuwerengere miyezi. Mutengeni mupite naye kuchipatala. Ndipo adokotala anandiuza kuti ambiri matendawa sawatengera ku chotupa ngati ine, koma ku mankhwala. Mapiritsi ena amene anthu amagula okha kuti anenepe kapena kuti aletse kuphwanya kwa thupi, ndi mafuta ena oyeretsa khungu, muli mankhwala ofanana ndi kotizo. Atsikana, mukundimva kumbuyoko? Ngati mwakhala mukumwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi, nzoopsa. Tengani paketi yake mukawaonetse achipatala, akuthandizeni kusiya bwinobwino. Ndipo amene anakulemberani ndi adokotala chifukwa cha mphumu kapena matenda ena, pitirizani monga anakuuzirani.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi ali m'matope. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, Mulungu awonjezere nzeru pa nzeru zawo. Abusa, zikomo chifukwa cha mapemphero. Amayi a kwaya, zikomo pondilandiranso, ndipo mukonzeke chifukwa mawu anga abwerera onse. Abambo ake a Mphatso, zikomo pokhala mwamuna wodziwa kubweza mawu.

Koma alipo munthu mmodzi amene sapemphera muno, tchalitchi chawo ndi china, ndachita kuwakakamiza kuti abwere. Akhala pakona apo, akubisala kuseri kwa mpango. Amayi, imirirani. Iyayi, musakane, imirirani anthu akuoneni. Awa ndi apongozi anga. Anagona pa simenti pansi pa bedi langa nthawi yonse imene ndinali mu wodi, pa msinkhu wawowu. Ankandisambitsa ngati khanda. Odwala anzanga ankandifunsa kuti, "Amenewa ndi mayi anu okuberekani?" Ine ndinkati eya. Ndipo lero, pamaso pa mpingo ndi pamaso pa Mulungu, ndikubwerezanso: eya, ndi amayi anga.

Tsopano mpingo wonse, musandisiye ndikondwere ndekha. Imirirani! Amayi, nthungululu zili kuti? Anyamata a ng'oma, gwirani ntchito yanu. Abusa, mundikhululukire, lero ndivina mpaka fumbi, ndipo amayi angawa ndivina nawo. Aleluya! Aleluya! Ameni!